Chaka Chimene a Sakala Anadzutsa Chimanga

Iwe! Iwe Mailesi! Ika khasu pansi! Ndati ika pansi, usachigwire chimangacho! Ha, mwana iwe, ufuna mtima wanga uime? Ndathamanga kuchokera kunjira uko chitenje chili m'manja, chikhalirecho mawondo awa si a dzulo.

Ndaona, maso ndili nawo. Mphepo ya dzulo yachigoneka chonse, thapsa, ngati pagubuduka ng'ombe. Ndiye iwe wati, "Agogo, ndingochiimika pang'ono, ndichikwezere dothi." Ee, mtima wabwino umenewo. Mtima womwewo ndi umene unandidyera mwamuna. Khala apa pachulu, mkazi mnzanga. Mdzukulu wanga anakakutenga ku Sinda agogo ake aamuna atapita kale, a Sakala sunawaone. Lero uwamva.

Novembala

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Kumwamba mbee, mitambo kungobwera kudzatisuzumira n'kubwerera ku Mozambiki. Itagwa kumapeto kwa mwezi, tonse kuno ku Vubwi tinathamangira m'minda ngati kwayaka moto.

A Sakala anali munthu wosakhulupirira kuti chinthu chingayende bwino iwo osachigwira. Nkhuku ikamaswa, ankafuna kuthandiza mwanapiye kutuluka m'dzira. Ine ndikasenza mtsuko, "Amake Lazalo, imani, nkhata yapendeka." Munthu ndatunga madzi chibadwire changa!

Ndiye pobzala. Ine kubzala kwanga n'kumene ukudziwa: ponya, fotsera ndi chidendene, pita. Iwo ayi. Ankawerama pa phando lililonse, kuitembenuza njere bwinobwino kuti kamphuno kake kaloze pansi.

"Amake Lazalo, mukusokoneza mbewu. Mukaigoneka chagada idziwa bwanji kumwamba? Muli mdima m'menemo."

Ine ndati, "A Sakala, mbewu si mlendo kuti muziilozera njira! Dzuwa likulowa inu mukadali pa mzere umodzi!"

"Inu pakamwa basi."

Zinamera zonse, zanga ndi zawo, tsiku limodzi. Ine ndi mkangano wanga ndinafukula kanjere kamodzi ka m'mizere yanga kuti ndiwaonetse. Njereyo inagwa mozondoka ndithu. Koma muzu unatuluka, unakhota ngati mbedza, uyo pansi. Kamtengo nako kanatuluka kuloza pansi, kanazindikira, kanatembenuka, ako kumwamba. Ndati, "Onani! M'dothi mulibe dzuwa, mulibe a Sakala, koma yadziwa yokha!"

Anakayang'ana nthawi yaitali kali pachikhatho panga. Akuti, "Yachita mwayi. Koma onani mmene yavutikira kukhota." N'kukabwezera m'phando mwake, n'kukaphaphatiza ndi zala ngati akugoneka khanda.

Disembala

M'nkhokwe munali mutayamba kale kuoneka pansi, chifukwa chaka chinacho sitinakolole zambiri. A Sakala anagulitsa mbuzi zathu zonse, ndi yabere yomwe, n'kugula feteleza. Ine ndinalongolola mpaka agalu anathawa pakhomo. Iwo akuti, "Mbuzi zili m'munda umo, amake Lazalo. Mu Meyi zidzatuluka zili ndi ana."

Ndipo chimanga chinavomera, iwe. Chinabiriwira mpaka kuda. Anthu opita kumsika ankatsika panjinga kuti aone. "Munda wa yani uwu?" Ine ndili kuseri kwa mizere, "Wa a Sakala! Pitani, musautsinye ndi maso!"

Uyenera kudziwa kuti munda umenewo unali wa mayi anga. A Sakala anabwera pamudzi pano chikamwini, ndipo mkamwini ngakhale amere imvi amakumbukira kuti dothi n'la eni. Moyo wawo wonse ankalima ngati wina akuwayang'ana kumbuyo. Chaka chimenecho ndinawamva akuimba mluzu m'munda. Pa Khirisimasi anavala jekete lawo la kuchalichi, n'kukaima m'mizere pochokera kumapemphero, chimanga chili m'mawondo, akuti, "Chaka chino abale anu aona."

Januwale

Mwezi utangoyamba, masana, kunada kumbali ya Mozambiki. Mphepo inafika isanafike mvula. Vuuu! Denga la khitchini langa ilo, lakatera m'khola la eni. Kenaka mvula ya mphepo, yogwa cham'mbali, mpaka dothi linasanduka phala.

M'mawa mwake tinapita kumunda. Mayo ine! Monga ukuona apamu, koma munda wonse, kuchokera pachulu mpaka kudambo. Chimanga chofika m'ntchafu, chonse chagona kuloza kumodzi. A Sakala anavula chipewa.

Kugwa kwa chimanga tinkakuona, koma apa ndi apo, chachikulu chobereka kale, ndipo chimenecho chikagwa chagwa. Mmera wa munda wonse kugona tsiku limodzi, sitinaonepo. Pamudzi aliyense ankanena zake. Wina akudutsa anati, "A Sakala, ena amati chimadzuka chokha."

"Chokha? Nanga chiswe chikhala chikudikira? Chinthu chagona pamatope ine ndizingopenya, manja ndili nawo?"

Anayamba. Dzanja ili kudzutsa, phazi kupondera patsinde, khasu kukwezera dothi. Phesi limodzilimodzi, iwe! Ine masiku amenewo ndinkadwazika a Nambewe, azakhali anga, amene anali atagona nthawi yaitali. Ndinkangopita masana kukawapatsira madzi. Ndikaima pafupi ndinkamva, akamadzutsa, pansi pakulira pang'onopang'ono, tho, tho, ngati munthu akung'amba nsalu yakale. Ndinafunsa, "Chikulirachi n'chiyani?" Akuti, "Ndi matope." Ndinayang'ana kumbuyo kwawo, mizere yaima njo ngati asilikali, ndinati, "A Sakala, ndinu mwamuna!" Anamwetulira, thukuta lili chuchuchu.

Anadzutsa munda pafupifupi wonse. Kunatsala kachigawo kakumunsi. Ali pakati pa mzere, kumudzi kunamveka mfuu. A Nambewe atisiya.

Iwe ukudziwa mwambo, ngakhale kwanu ku Sinda uliko. Pamudzi pakagwa maliro, khasu siligwira dothi la m'munda mpaka munthu ataikidwa, mpaka atasesa. A Sakala anasiya khasu pomwepo, pakati pa mzere, n'kubwera kusiwa. Tsono mwana wa malemu anali ku Lusaka, ndipo msewu unali utaduka ndi mvula ija. Tidikire, tidikire. Ife azimayi tili m'nyumba tikuimba, ine ndikasuzumira panja ndikuona a Sakala pagulu la amuna, thupi lili pamaliro, khosi lapotokera kumunda.

Tsiku lina m'mawa anazemba. Anagulula khasu lina pampini, n'kulibisa m'jekete. Anakumana ndi Jailosi, mkulu wa adzukulu, aja okumba manda. Jailosi ndi munthu wa nthabwala, mawu ake ngati ng'oma.

"A Sakala, mwadzuka bwanji? Koma jekete lanu lero lalemera mbali imodzi."

"Ndi Baibulo."

"Baibulo la mano? Tamverani, akulu. Mwakalamba pamudzi pano, tsiku lanu ndife tidzakumba. Koma mukagwira dothi la m'munda lero, la kumanda mudzadzikumbira nokha. Tidzangokubwerekani fosholo!"

Amuna onse kuseka, pamaliro pomwepo. A Sakala anabwerera, anakhala pansi, khasu likuwabaya m'nthiti. Madzulo akundiuza, "Amake Lazalo, chakumunsi chija chawola. Chiswe chikudya phwando."

Masiku onsewo dzuwa sitinalione. Mitambo ndii, kamvula kowaza. Mwana anafika, tinaika, tinasesa. Pochoka kosesa a Sakala sanalowe n'kunyumba komwe. Ine pambuyo pawo, mpango wa maliro ukadali kumutu.

Mailesi, chakumunsi chija chinali chitadzuka.

Ndikunena chitadzuka! Osati kuongoka ngati kale, ayi. Tsinde linali chigonere pansi, koma pa mfundo yoyamba phesi linapinda, ngati bondo la munthu amene akunyamuka pogwada, ndipo kuchokera pamenepo mutu uwo, kumwamba. Lililonse! Ine ndinagwada, ndinagwira pa bondopo. Mbali yapansi inali yotupa, yonenepa, yakula kuposa yapamwamba, ngati ndiyo ikukankha. Ndipo pamene mfundo inakhudza dothi panali patatuluka timizu tatsopano, toyera, tagwira pansi ngati zala. Anthu amati chimatsata dzuwa. Dzuwa liti? Kunalibe dzuwa! Chimadziwa kumene kuli pansi, basi, n'kuthawako, ngati kanjere kaja ka mu Novembala.

Ndinafuula, "A Sakala! Taonani! Chagwada n'kudzuka ngati amayi a chigwirizano!"

Iwo sanali kuyang'ana kumeneko. Anali atazula phesi limodzi mwa aja anaimika okha. Linazuka ngati lozika pamchenga. Mphepo inadula mizu ya mbali imodzi. Ya mbali inayo, imene inatsala, ndi ija inkalira tho, tho.

Tsiku lomwelo mitambo inatseguka. Ndipo mvula inadula.

Febuluwale

Dzuwa la mwezi umenewo usalifunse. Limatuluka lili lokwiya kale. Chimanga cha anthu onse chinapota masamba ngati anyezi. Koma cha a Sakala, choimikidwa chija, chinalibe chomwera. Chinafota, chinachita chikasu, chinauma chili chiimire, chowongoka bwinobwino. Mbuzi zathu zonse zinaumira m'menemo.

Nkhokwe psiti. Kumsika meda ya chimanga, kachitini koyezera kaja, inali ndi mtengo wa m'mawa ndi mtengo wa madzulo, ukapita kukabwereka ndalama pobwera upeza yakwera. Gaga, chakudya cha nkhumba, anthu ankakanganirana pachigayo. "Ndinayamba ndine!" "Iwe unayamba liti, thumba langa lagona pano!" Azimayi a mpingo umodzi, okhala benchi limodzi!

Mphekesera nazo zinali ndiwo. Lero, "Chimanga cha chithandizo chafika pa Katete, wina waona malole." Mawa, "Ayi, akuyamba ndi a ku Sinda." Tsiku lina kunamveka lole ikubwera, mudzi wonse kunsewu ndi matumba, nkhalamba ndi ndodo zomwe. Ine patsogolo, "Pisani, ndipatseni njira, ndine wamkulu!" Lole ija inali ya simenti. Dalaivala anangotiyang'ana, anachotsa chipewa, n'kupita.

Ena anakhomola malata padenga n'kugulitsa. Ena anatha mitengo ya m'phiri ndi makala. Ambiri ankawoloka kupita ku Mozambiki kukapalira minda ya eni, malipiro kabeseni ka gaga kapena chinangwa chouma. Lazalo, mwana wathu, ntchito inali itamuthera ku Lusaka. Anatumiza kathumba ka ufa kamodzi pa basi, ndipo pafoni analira ngati mwana, ine ndinachita kumukalipira kuti aleke.

A Sakala nawo anayamba kuwoloka, ndi ukalamba wawo. Kupita kukadali chisisira, kubwera dzuwa litapendeka, kabeseni pamutu ngati mzimayi. Ndikaphika kaphala ndi mnkhwani, kamodzi patsiku, akuti, "Idyani. Ine ndadya kuganyu."

"Mwadya chiyani?"

"Nsima ya mgaiwa. Ndi nyemba."

"Tsiku lililonse nyemba? Eni mundawo ndi a boma?"

"Inu pakamwa basi. Idyani."

Ndinkawakankhira mbale, iwo kuikankhira kwa ine, mpaka phala lizizire. Ndikakalipa kwambiri ankanyambita kamodzi n'kusamba m'manja.

Ndinayesa kuwatonthoza. Ndati, "A Sakala, dzuwa lapha cha aliyense. Chakumunsi chapulumuka chifukwa chili pafupi ndi dambo." Anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita pagulu, n'kunditengera kumunda. Anandiimika pa mzere uja anasiyira khasu tsiku la mfuu. Mzere umodzi, dothi limodzi. Kuchokera pamene panagwera khasu kupita uku, mapesi ouma, owongoka. Kuchokera pomwepo kupita uko, obiriwira, opinda mawondo, ena atayamba ngayaye.

Akuti, "Dambo limadziwa kuima pakati pa mzere?"

Ine, wapakamwa ine, ndinangowerama n'kugwira phesi louma.

"Munda wa amayi anu, amake Lazalo. Mphepo inaukhululukira. Ndaupha ine, ndi manja awa. A Nambewe akanachedwa kumwalira, n'kadamaliza wonse."

Malichi

Mvula inabwerera itaona kuti palibenso chopulumutsa. Koma kachigawo kaja kanamwa, kanabereka. Ana ake sanali akuluakulu, koma ana ndithu, ndevu zili psuu.

A Sakala analeka kuwoloka, miyendo inali itatupa. Ukadinikiza chala pamsongolo, dzenje limatsala. Ndati tiyeni kuchipatala. "Mawa." Ndati ndikaitana akulu a mpingo akunyamuleni. "Nanga chimanga alonde ndani? Anyani ali m'phiri, anthu ali ndi njala." Tsiku lonse ankakhala pachulu chomwe wakhalapochi, ndi kandodo, kuyang'anira mapesi opindika aja. Osawagwira. Ngakhale tsamba limodzi. Udzu ukamera pafupi ndi tsinde ankandiitana ine, "Zulani ndinu. Manja anga asafikepo."

Ndinati tithyole chimodzi tiwotche, muikeko kanthu m'mimba. Akuti, "Sichinakhwime. Mukathyola lero mwadya madzi. Chisiyeni."

Tsiku lina ndinabwera masana ndi kaphala m'kambale. Pachulu palibe munthu. "A Sakala! A Sakalaaa!" Ndinawapeza m'mizere, atagwa chammbali pakati pa chimanga, tsaya lili padothi, thupi likutentha ngati mbaula. Mbale ija sindikudziwa kumene inagwera. Ndinawagwira m'khwapa kuti ndiwadzutse. Munthu wamtali uja, kupepuka ngati mtolo wa mapesi!

Anatsegula maso. Akuti, pang'onopang'ono, "Ndisiyeni, amake Lazalo. Simunaphunzire? Mundidula mizu."

"Mukunena chiyani inu?"

"Chakugwa chimadzuka chokha. Mubwere mawa mudzaone. Ndikhala nditapinda bondo."

Ndipo ankaseka, iwe! Milomo yosweka, akuseka! Ine ndati, "Inu si chimanga! Mwamva? Inu si chimanga, ndinu mwamuna wanga! Dzukani!" Ndinakuwa mpaka anthu a kutsidya kwa dambo anamva. Anabwera ndi ngolo, ng'ombe zake nthiti zokhazokha. Tinawakweza. Ulendo wonse mutu wawo unali pamiyendo panga, ine ndikuwakalipira, chifukwa ndikaleka kukalipa ankatseka maso.

Kuchipatala anatilandira msanga. Namwino, mwana wamng'ono ngati iwe, anawaika madzi a m'botolo, anathamanga uku ndi uku. Anandiitanira pambali. "Agogo, malungo apeza thupi lopanda kanthu. Magazi achepa kwambiri. Amadya, agogowa?"

Ndati, "Amadya kuganyu. Nsima ya mgaiwa. Ndi nyemba."

Ndipo pamene ndinadzimva ndekha ndikunena mawu amenewo, ndinangokhala pansi pomwepo.

M'mawa mwake a Sakala anafunsa, "Kumunda kuli ndani?" Ndati kuli anthu. Akuti, "Auzeni asachigwire." Dzuwa lisanafike pamutu, a Sakala anapita.

Chimanga tinachisiya, chinadzuka. Munthu ndinamudzutsa ndi manja anga awa, mpaka pangolo, mpaka pabedi la chipatala. Sanadzuke.

Mudzi wonse unaika makasu pansi chifukwa cha munthu amene sankatha kuika khasu pansi. Jailosi anakumba yekha kumutu, anakana kulandizana ndi anyamata. Atamaliza anabwera kusiwa, dothi lili mpaka m'tsitsi, anagwada pakhomo. Ng'oma ija inkamveka pansipansi. Akuti, "Amayi, zija za fosholo ndinkangoseka." Ndati, "Ndikudziwa, mwanawe. Ukanapanda kuseka tsiku lija, bwenzi lero mukukumba awiri."

Meyi

Ndinakolola ndekha. Lazalo anati abwere adzandithandize, ndinamukaniza, kothandiza kunalibe. Kudutsa m'munda wonse wakumtunda, mapesi owongoka opanda kanthu akundikwapula m'mapewa, mpaka kufika pa mzere uja. Phesi lililonse ndikaligwira, bondo. Ili bondo, ilo bondo. Ndinkathyola ndikulankhula nawo, "A Sakala, taonani ichi. Taonani chinachi, chadzaza mpaka kunsonga. Chakhwima tsopano, mwamva?" Anthu odutsa ankati amake Lazalo mutu wasokonekera. Asiye anene.

Ndinatuta ndi dengu pamutu, nkhokwe sinafike n'pakati pomwe. Koma ndikuuze chimene chimandiwawa mpaka lero, Mailesi. Chinakwanira. Chinandifikitsa mpaka chimanga china chitacha. Ukudziwa chifukwa chake? M'nyumba munatsala pakamwa pamodzi. Tikanakhala awiri chikanatithera panjira. Ndiye ndimati ndikakumbuka munthu uja atakhala pachulu tsiku lonse, maso pa kachigawo kaja, ndimadzifunsa: kodi ankalonda anyani, kapena ankayeza? Munthu wosasiya kanthu kuti kadziyendere kokha uja, kodi nazonso anazikonza ndi manja ake?

Sindidziwa. Ndikadzafika ndidzawafunsa, ndipo adzanditi pakamwa basi.

Leka, usandipukute, misozi ya nkhalamba imauma yokha. Tenga khasu lakolo ubwerere nalo kunyumba. Mwamuna wako akafunsa chifukwa chake sunagwire ntchito, umuuze kuti mkazi wamkulu wakana. Ndipo madzulo akati "ndadya kale," usamve, umukhalire pakhosi mpaka mbale iyere.

Chimangachi ndi chaching'ono, mfundo zake n'zanthete, mizu yambali inayo ikadali m'dothi. Chipatse masiku. Mawa m'mawa udzandidzere pakhomo tibwere limodzi, udzaona nsonga zitayamba kudzutsa mitu. Ine ndimabwera nthawi zonse chikagwa chonchi. Anandiuza kuti ndibwere mawa ndidzaone.